Kumene amayi anga amakacheza Lachiwiri ndi Lachisanu: ndemanga ya malo ochezera okalamba ku Mzuzu

Mzuzu amadziwika ndi kuzizira. Munthu akamakwera basi ku Lilongwe kapena ku Blantyre kubwera kuno, abale ake amamukumbutsa za juzi ndi bulangete, ndipo salakwitsa, pakuti mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,200, kufupi ndi mapiri a Viphya, ndipo mu Juni ndi Julayi kumagwa nkhungu ndi kamvula kowaza kamene kamalowa mpaka m'mafupa. Mbiri yomweyi ndi imene imatinyenga ikafika miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Timamva pa wailesi kuti ku Nsanje ndi ku Chikwawa anthu akupsa, monga mu Okutobala 2023 pamene nthambi ya boma yoona za nyengo inachenjeza kuti kutentha kufika madigiri 44 m'chigwa cha Shire ndi madigiri 40 m'mbali mwa nyanja kumpoto kuno, ndiye timati zimenezo ndi za ku Karonga ndi ku Nkhata Bay, ife a kumtunda sizikutikhudza. Apo n'kuti agogo athu ali m'nyumba ya malata yopanda siling'i, mawindo ali chitsekere, atavala juzi yomwe anazolowera kuivala chaka chonse.

Ndemanga iyi ndi ya malo ena ochezera okalamba amene amayi anga akhala akupitako kwa chaka ndi miyezi ingapo, kotero kuti ndawaona malowa m'chilimwe kawiri. Sinditchula dzina lake kapena la mpingo umene umawayendetsa, chifukwa pali zina zimene ndidzudzule, pomwe anthu amene amagwira ntchito kumeneko ndi ongodzipereka ndipo salandira malipiro.

Amayi ali ndi zaka 78. Tinawatenga kwathu ku Dedza bambo atamwalira, ndipo chimene sitinachiganizire n'chakuti munthu amene moyo wake wonse wakhala pakati pa anzake, kumunda, kudimba, kuchitsime ndi kumaliro, tikumutsekera m'nyumba ya mpanda momwe ine ndi amuna anga timachoka 7 koloko m'mawa n'kubwera dzuwa litalowa, ana ali kusukulu, ndipo oyandikana nafe ambiri amalankhula Chitumbuka chimene iwo sankachimva. Anayamba kugona masana ndi kudya pang'ono. Botolo la madzi limene ndinkawasiyira patebulo m'mawa ndinkalipeza madzulo lili momwe ndinalisiyira, ndipo ndikawafunsa ankangoti, "Ludzu silinandigwire, mwanangu, ndimwerenji madzi ngati ng'ombe?" Mnzanga wa kuntchito ndi amene anandiuza kuti amayi a chigwirizano a mpingo wina wa m'dera lathu amasonkhanitsa okalamba kawiri pa sabata, ndipo safunsa kuti munthu amapemphera kuti.

Malowa ndi holo yakale ya tchalitchi, ya njerwa zowotcha ndi denga la malata, yokhala ndi khonde lalitali ndi mtengo umodzi waukulu wa mango pabwalo. Amatsegula Lachiwiri ndi Lachisanu kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 1 koloko masana. Okalamba amene amabwera amakhala pakati pa 20 ndi 30, ambiri mwa iwo amayi, ndipo banja lililonse limapereka kangachepe pa mwezi, kosaposa mtengo wa mapaketi awiri a shuga, pomwe amene alibe sabwezedwa. Pakhomo pamakhala mayi mmodzi ndi kope lolembamo mayina, amene amalonjera aliyense m'chilankhulo chake, "Monile agogo" kwa ena, "Mwadzuka bwanji agogo" kwa ena, ndipo munthu akajomba kawiri motsatizana amatuma wina kukamuona kunyumba. Kope limeneli ndimaliona ngati chida chofunika kwambiri pamalopo kuposa china chilichonse, chifukwa wokalamba amene kutentha kumamupweteka kwambiri ndi yemwe amakhala yekha ndipo palibe womuzonda.

Chimene chinandikopa mtima koyamba ndi m'mene amasamalira nkhani ya madzi akumwa, ndipo pano ndichedwepo. Thupi la munthu wokalamba silimva ludzu msanga monga la mnyamata, silituluka thukuta lokwanira kuliziziritsa, ndiponso impso zake sizisunga madzi monga kale, kotero kuti agogo akamati alibe ludzu sakunama, koma thupi lawo likhoza kukhala litauma kale. Ine ndinayesa kukalipa, kunyengerera, ngakhale kuimba foni masana kuwakumbutsa, koma zonsezo sizinaphule kanthu. Kumaloku sakalipira munthu. M'kona mwa khonde muli mitsuko itatu yadothi yokhazikidwa pa mchenga wonyowa ndi kuphimbidwa ndi chiguduli chimene amachiwaza madzi nthawi ndi nthawi, ndipo madzi ake amazizira bwino popanda firiji, zimene zimathandiza pa masiku amene magetsi azima. Aliyense ali ndi kapu yakeyake yomangidwa kaulusi ka mtundu wake pachogwirira, chifukwa ambiri saona bwino zolemba ndipo ena sanapite kusukulu. Pakatha ola lililonse mtsikana amazungulira ndi jagi, ndipo onse amamwa nthawi imodzi, monga anthu amamwera tiyi pamaliro, popanda kufunsidwa ngati ali ndi ludzu.

Tsiku lina ndinapempha tchuthi kuntchito n'kukakhala nawo mpaka masana. Ndinaona abambo awiri ali pa bawo pansi pa mango, mmodzi wa ndevu zoyera amene anagwirapo ntchito ku migodi ya ku Johannesburg, winayo mphunzitsi wopuma, ndipo jagi itafika wa ndevu uja anakana kuti ali pakati pa masewera. Mtsikanayo sanatsutsane naye. Anangoika dzanja pamwamba pa bawo mwaulemu, atagwada, n'kunena kuti, "Agogo, lamulo munapanga nokha, bawo siyenda kapu isanathe." Onse ozungulira anaseka, mkuluyo anagugudiza madziwo akung'ung'udza, ndipo masewera anapitirira. Amayi anga, amene kunyumba ankakana ngakhale theka la kapu, ndinawaona atamwa makapu anayi tisanaweruke, osati chifukwa anamvetsa phunziro lililonse la zaumoyo, koma chifukwa anzawo onse anali kumwa ndipo sakanafuna kuoneka amwano.

Pali chinthu china chimene anthu a kumaloku anachizindikira chimene ine, mwana wawo weniweni, sindinachidziwe kwa zaka ziwiri. Okalamba ambiri amadzimana madzi dala chifukwa choopa chimbudzi. Munthu wa nyamakazi m'mawondo kunjuta pa chimbudzi chokumba ndi chilango, ndipo kwa mayi wachikulire kupempha kuti amugwire dzanja popita kuseri ndi chinthu chochititsa manyazi, choncho amasankha kusamwa kuti asavutitse anthu. Kumaloku anamanga kachimbudzi pafupi ndi khonde, kokhala ndi mpando wathabwa wobowola pakati ndi chitsulo chogwirira kukhoma, ndipo njira yake ndi yosalala yopanda masitepe. Nditaona zimenezi ndinaitana kalipentala kuti atipangire zofananazo kunyumba, ndipo kuyambira pamenepo botolo la patebulo lija linayamba kutsika. Pa mfundo imeneyi yokha malowa ndikuwapatsa ulemu wonse.

Zochitika zake si zachilendo ndipo sizifuna ndalama. Amayamba ndi pemphero ndi nyimbo ziwiri kapena zitatu, kenaka amatambasula manja ndi miyendo atakhala pamipando kwa mphindi zochepa kudakali kozizira, ndipo pambuyo pake aliyense amapita kumene mtima wake uli: ena ku bawo, ena kuluka zipewa ndi mikeka, ena kusankha nyemba za chakudya cha masana uku akukamba nkhani. Lachisanu lomaliza la mwezi kumakhala magule, ndipo amayi a ku Nkhata Bay amaonetsa chilimika, abambo a ku Mzimba amaponda ingoma pang'onopang'ono atatsamira ndodo zawo, pomwe amayi anga ndi anzawo awiri a ku Ntcheu ndi ku Kasungu anaphunzitsa gulu lonse chimtali. M'chilimwe magulewa amawachita 9 koloko isanakwane, zimene ndi nzeru. Chitumbuka chimene amayi anakanika kuchiphunzira kwa ine ndi adzukulu awo, anachitola kumeneko m'miyezi itatu, ndipo tsopano amatsutsana mtengo wa usipa ndi ogulitsa mumsika osafuna womasulira.

Chakudya ndi chapakatikati. Amalandira phala m'mawa, ndipo masana nsima ya ndiwo zamasamba ndi nyemba kapena usipa, nthawi zina kondowole wina akabweretsa ufa wachinangwa kuchokera kunyanja. Mchere amaika wochepa, zimene okalambawo amadandaula koma ine ndimayamikira. Chimene sindigwirizana nacho ndi thobwa, kapena kuti chindongwa monga amanenera kuno, limene amalithira shuga wambiri mumphika momwemo n'kugawira aliyense, pomwe pagulupo pali anthu angapo a matenda a shuga. Kukanakhala bwino shuga akanamaikidwa pambali kuti wothira azidziwa amene akumuthirira. Nthochi ndi mango, nyengo yake ikafika, amapereka mosaumira.

Kamodzi pa mwezi kumabwera namwino wopuma pantchito amene amayeza kuthamanga kwa magazi ndi kuona mabuku a kuchipatala a okalambawo. Iyeyu ndi amene anandifotokozera kuti mankhwala a BP amene amayi amamwa m'mawa uliwonse, a hydrochlorothiazide, amagwira ntchito pochotsa madzi ndi mchere m'thupi kudzera mu mkodzo, ndipo n'chifukwa chake munthu amene akuwamwa amauma msanga kukatentha ndipo amachita chizungulire akaimirira mofulumira. Sanatiuze kuti tiwasiye, ndipo anachenjeza kuti kusiya mankhwala mwa iwe wekha n'koopsa kuposa dzuwa, koma anati tikafunse adokotala pa tsiku la sikelo yawo ndipo tiziyang'ana mtundu wa mkodzo, chifukwa ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri ndiye kuti madzi achepa m'thupi. Anatchulanso kuti anthu a matenda a mtima kapena a impso amene adokotala anawaikira mlingo wa madzi asakakamizidwe kumwa ngati anzawo, ndipo m'kope lija mayina awo anawaika chizindikiro kuti mtsikana wa jagi aziwadziwa. M'kabati muli mapaketi a Thanzi ORS, ndipo akatha amasakaniza okha masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino.

Tsopano ndifike pa zimene zinandikwiyitsa. Choyamba ndi denga. Holoyo ilibe siling'i, ndipo ikamakwana 11 koloko mu Okutobala malata amakhala atatentha moti munthu ukaimirira umamva moto pamutu ngati waweramira mbaula. Mawindo ndi aang'ono ndipo ali mbali imodzi, kotero mphepo silowa n'kutuluka. Abambo amathawira pansi pa mango, koma mthunzi wake sukwanira onse, ndipo amayi ambiri, mwa chizolowezi chawo chopatsa ulemu abambo, amatsalira mkatimo atafunda zitenje ziwiriziwiri ndi mipango kumutu. Ndinaona mayi wina atavala juzi yaubweya pansi pa bulauzi, thukuta lili kamukamu pamphumi, ndipo palibe amene anamuuza kuti avule. Ongodziperekawo amachita manyazi kuuza munthu wamkulu za zovala zake, ndipo manyaziwo ndimawamvetsa, koma anthu amene anapeza njira yomwetsa madzi mkulu wa pa bawo uja sangalephere kupeza njira yovulitsa juzi.

Chachiwiri, ndipo ichi ndi chachikulu, ndi nthawi yoweruka. Kutulutsa okalamba 1 koloko masana, dzuwa lili paliwombo, ndi kugwetsa ndi dzanja lamanzere zimene lamanja lamanga m'mawa wonse. Mzuzu ndi mzinda wa zitunda ndi zigwa, ndipo ambiri mwa agogowa amayenda wapansi kubwerera kwawo m'misewu yafumbi yopanda mthunzi, chifukwa ndalama ya kabaza kapena ya Sienta alibe. Lachisanu lina m'Novembala chaka chatha, mvula isanayambe, mnyamata wa njinga amene ndinapangana naye kuti aziwatenga sanabwere, ndipo amayi, posafuna kuvutitsa munthu, ananyamuka okha ndi ndodo yawo osauza aliyense. Mtunda wake ine ndimayenda mphindi 20. Mayi wina wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu ndi amene anawapeza atakhala pansi m'ngalande youma, atatsamira chipupa, ali wefuwefu, khungu lili lozizira ndi lonyowa, akuti mutu ukuwaza ndipo dziko likuzungulira. Anawakokera pamthunzi wa benchi yake, anawamasula mpango ndi chitenje chapamwamba, anawathira madzi kumaso ndi m'khosi, n'kuwamwetsa pang'onopang'ono, kenaka anapeza nambala yanga pa kapepala kamene ndinasokerera m'kachikwama kawo.

Tinali ndi mwayi chifukwa amayi anali akudziwabe dzina lawo ndi kumene ali, ndipo patatha ola limodzi anali bwino. Kutopa ndi dzuwa kotereku kukapitirira kumafika pena pamene thupi limatentha kupitirira madigiri 40, munthu amasokonezeka mutu, amalankhula zosamveka kapena kukomoka, ndipo nthawi zina thukuta limaleka khungu n'kuuma gwaa. Zikafika apo si za kunyumba ayi. Munthuyo amafunika kumuziziritsa pomwepo ndi madzi ndi nsalu zonyowa m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche, kumukupiza, osamumwetsa kanthu ngati wakomoka, ndi kuthamangira naye ku Mzuzu Central kapena chipatala chilichonse chapafupi. Choopsa kwa okalamba n'chakuti kusokonezeka mutu kumeneku anthu amakutenga ngati ukalamba chabe, ndipo m'madera ena mayi wachikulire wopezeka akuyenda mosadziwa kumene akupita, akulankhula zosamveka, amayamba kumunena za ufiti m'malo momupatsa madzi ndi mthunzi.

Lachiwiri lotsatira ndinapita kukadandaula, ndipo ndiyenera kunena kuti anandilandira bwino. Amayi oyang'anira malowa anandikhazika pansi, anapepesa kuti sanaone pamene amayi anga anatuluka, ndipo anafotokoza kuti holoyo imafunika 2 koloko ku makwaya ndi misonkhano ina ya mpingo, komanso ongodziperekawo ali ndi mabanja awo oti akawaphikire. Ndinawapempha kuti m'miyezi itatu yotentha aziyamba 6:30 n'kuweruka 10:30, popeza okalamba amadzuka m'mamawa kale, kapena alole amene akufuna kuti azitsala pakhonde mpaka 4 koloko dzuwa litapendeka. Anandiyankha kuti, "Mayi, tamva, koma nkhaniyi tikaitula kwa akuluakulu a mpingo." Chimene chinasintha msanga n'chakuti tsopano palibe wokalamba amene amatuluka pageti osalembedwa m'kope, amene amakhala mbali imodzi amapita limodzi ndi wachinyamata mmodzi wowaperekeza, ndipo anagula maambulera angapo obwereka. Chaka chino analola zotsala pakhonde Lachisanu lokha. Nthawi yoweruka ya Lachiwiri ikadali 1 koloko, ndipo ine ndikuonabe kuti ndi kulakwitsa.

Palinso anthu amene malowa sawafikira. Wokalamba amene sangathe kuyenda, amene ndi yemwe ali pachiopsezo chachikulu m'nyumba yotentha, alibe njira yofikira kumaloku chifukwa palibe galimoto kapena njinga ya olumala, ndipo kuyendera m'makomo kumachitika kwa okhawo amene analembedwa kale m'kope. Abambo ndi ochepa, mwina chifukwa amaona ngati ndi zochitika za amayi a chigwirizano. Mzinda umene kalembera wa 2018 anapeza kuti uli ndi anthu oposa 220,000 sungadalire holo imodzi ya tchalitchi, ndipo ngakhale dziko lathu lili ndi ndondomeko ya okalamba ya 2016 komanso lamulo loteteza okalamba limene Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2024, ntchito ya tsiku ndi tsiku yoonetsetsa kuti agogo amwa madzi ndipo acheza ndi anzawo ikugwiridwa ndi amayi ochepa ovala yunifolomu ya mpingo amene amasonkha okha ndalama za makala.

Kwa amene ali ndi kholo lokalamba muno mu Mzuzu ndipo akuganiza zolipititsa ku malo ngati awa, ine ndikuti alipititse, koma asapite kukaona malowo m'mawa kukuzizira pamene zonse zimaoneka bwino. Apite cha m'ma 12 koloko mu Okutobala, aimirire pakati pa holo kwa mphindi zisanu, aone kumene kuli chimbudzi ndi m'mene chilili, afunse amene amadziwa mankhwala a munthu aliyense, ndipo koposa zonse akonzeretu za ulendo wobwerera kunyumba asanalembetse dzina. Ine tsopano ndimalipira woyendetsa Sienta wodziwika pa mwezi kuti aziwatenga Lachiwiri pamodzi ndi anzawo awiri a mumsewu mwathu, ndipo akachedwa amayi oyang'anira amandiimbira foni.

Za siling'i akuti akusonkha ndalama, ndipo pakali pano anangopachika mikeka yakale kunsi kwa malata mbali imene amayi amakhala, zimene zachepetsako moto uja pang'ono. Kutsogolo kwa khonde anadzala mitengo inayi ya mthunzi mvula yapitayi, ndipo amayi anga, amene anapatsidwa umodzi kuti aziuthirira ndi madzi otsukira makapu, amandiuza Lachisanu lililonse kuti wafika pati. Sabata yatha unali utawafika m'chiuno.